Mwana Wathu Ali ku Congo, Nanga Adzukulu Tiwatsekere M'nyumba?

  Lero tikambirane za khomo limene mwana wamwamuna palibe. Sanathawe ayi. Sanapite kujoni kukasaka maganyu. Boma ndi limene lamutuma. Wavala yunifolomu, wakwera ndege, ndipo ali kum'mawa kwa dziko la Congo pa ntchito yosungitsa mtendere. Kuno wasiya makolo, wasiya mkazi, wasiya ana, mwinanso azing'ono ake amene amawalipirira sukulu. Funso langa ndi ili: kodi banja lotere lizikhala bwanji miyezi yonse imene mwanayo ali kutali? Kodi ana apakhomopo aziyendabe, azisewerabe, azipitabe kunyanja ndi kumpira? Kapena zonse ziyambe zaima mpaka mwini wake atabwera? Maganizo anga ndiwanenereratu, kuti pamene ndikulankhula muziwayesa nokha. Ana aziyendabe. Ndibwereze: ana aziyendabe, ndipo udindo woyenda nawo ndi wa mtundu wonse, osati mayi wawo yekha.

Tiyambe ndi zimene zimachitika pamakomo ambiri otere. Mumazidziwa, chifukwa ena mwa inu muli momwemo. Mwana akangonyamuka, pakhomo pamazizira. Agogo aakazi amachepetsa kudya. Agogo aamuna amakhala ndi wailesi pakhutu kuyambira m'mawa. Mkazi wake foni saisiya, ngakhale popita kubafa. Ikalira usiku, mtima umayamba wathamanga asanaone n'komwe amene akuimba. Ndiye pamabwera mawu amodzi amene amalamulira nyumba yonse, mawu akuti "akabwera". Amayi, tidzapita liti kwa azakhali? Bambo anu akabwera. Nanga kunyanja kumene tinapita chaka chatha pa tsiku la anakubala? Akabwera. Nanga kumpira Loweruka? Akabwera. Ana akaseka mokweza amauzidwa kuti achepetse phokoso. Akapempha kopita amafunsidwa ngati alibe chisoni. Pakhomo pamakhala ngati pasiwa, chonsecho palibe amene wamwalira. Munthu ali moyo, akugwira ntchito, akutumiza mauthenga, koma kwawo anayamba kale kumukhuza. Ndipo izi si za sabata imodzi. Ulendo wotere umatenga miyezi yambiri, nthawi zina chaka chathunthu kapena kupitirira. Kwa munthu wamkulu chaka ndi nyengo imodzi yolima. Kwa mwana wa zaka zisanu, chaka ndi gawo lalikulu la moyo wonse umene akuukumbukira.

Musandimve molakwa, omvera. Mantha amenewa ali ndi maziko, ndipo sindikufuna kuwapeputsa. Kum'mawa kwa Congo si kocheza. Kuyambira mu 2013 asilikali a Malawi akhala akupita kumeneko pamodzi ndi anzawo a ku Tanzania ndi ku South Africa, m'gulu lapadera la bungwe la United Nations limene linapatsidwa mphamvu zolimbana ndi zigawenga maso ndi maso, osati kungolondera. Mu November 2018, kufupi ndi tauni ya Beni, asilikali athu 6 anaphedwa pomenyana ndi zigawenga za ADF. Mu January 2025, pamene gulu la zigawenga la M23 linkayandikira mzinda wa Goma, asilikali athu atatu anataya miyoyo yawo. Mwezi wotsatira, Pulezidenti wa nthawi imeneyo Lazarus Chakwera analamula kuti asilikali athu amene anali kumeneko m'gulu lina, la SADC, ayambe kukonzekera zobwerera kwawo. Mabokosi okutidwa ndi mbendera tinawaona akutsika pabwalo la ndege. Choncho mayi amene sagona tulo chifukwa mwana wake ali ku North Kivu, kum'mawa kwa Congo, sakulota ayi. Akudziwa chimene akuopa. Nkhani yanga siikunena kuti tisamaope. Ikufunsa kuti manthawo tiziwasenzetsa ndani. Kodi ndi bwino kuti katundu amene akulemera agogo ndi amayi atulidwe pamutu pa mwana wa sitandade 2?

Tsopano tibwerere m'mbuyo pang'ono, chifukwa dziko lino silinayambe lero kudikira ana ake. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse anyamata athu analowa usilikali wa King's African Rifles, ndipo ambirimbiri anatengedwa kukasenza katundu pa ntchito ija ya mtengatenga. Pa nkhondo yachiwiri anafika ku Ethiopia, ku Madagascar mpaka ku Burma. Kampu ya Moyale ku Mzuzu inatenga dzina lake ku malo a m'malire a Kenya ndi Ethiopia kumene asilikali a ku Nyasaland anamenya nkhondo mu 1940. M'zaka za m'ma 1980 asilikali athu analondera njanji ya ku Nacala, nkhondo ya pachiweniweni ili mkati ku Mozambique. Kenaka kunabwera Côte d'Ivoire, kenaka Congo. Onjezanipo amuna onse amene anapita kumigodi ndi Wenela mpaka Kamuzu Banda ataletsa mu 1974, ndege itagwa ku Francistown. Midzi yathu imadziwa kudikira. Koma taganizirani mmene agogo athu ankadikirira. Kalata inkatenga miyezi. Ikafika ankapita nayo kwa aphunzitsi kuti awawerengere, n'kuyankha, n'kubwerera kumunda. Pakati pa kalata ndi kalata inzake moyo unkapitirira, chifukwa panalibe chochitira. Chinamwali chinkavinidwa, ana ankapita kumasanje, mwezi ukawala nthano zinkakambidwa. Lero zinthu zatembenuka. Foni yatipatsa mwayi womva mawu a mwana wathu ali ku Beni, ndipo ndi mwayi waukulu zedi. Koma foni yomweyo yabweretsa nkhondo pabalaza. Kukangomveka mfuti ku Congo m'mawa, masana zithunzi zili kale pa WhatsApp ndi pa Facebook, zina zoona, zina zakale, zina za dziko lina. Netiweki ikavuta kumeneko masiku awiri, kuno anthu ayamba kale kunong'onezana. Ndipo ana ali pomwepo, akumva, akusuzumira pafoni. Ndiye mwana wa msilikali wa lero amamva za nkhondo kwambiri kuposa mwana wa msilikali wa ku Burma. N'chifukwa chake iyeyu akufunika kutulutsidwa m'nyumba kwambiri kuposa uja.

Tafika pa mtima wa nkhani yathu. Kodi kuyenda ndi mwana kumam'chitira chiyani? Mwana wamng'ono sadziwa kuti Goma ili kuti. Sadziwa kusiyana kwa M23 ndi ADF. Iye amayeza kukula kwa vuto poyang'ana nkhope za akuluakulu. Akaona kuti zonse zimene ankachita bambo ake alipo zaima, amamva uthenga umodzi wokha: zinthu zaipa kwambiri, ndipo akundibisira. Aphunzitsi amawadziwa ana otere. Mwana amene ankayankha m'kalasi amangoti duu. Wina amayamba ndewu pabwalo. Wina amene anasiya kale kukodza pogona amayambiranso. Tsono Loweruka likafika, atsibweni n'kubwera n'kunena kuti valani nsapato tikaone mpira, mwanayo amamva uthenga wina. Amamva kuti dziko likadali m'malo mwake. Amamva kuti akuluakulu akadali ndi mphamvu zoganizira za iye. Palibe chiganizo chimene mungamuuze chimene chingam'khazike mtima pansi kuposa ulendo umenewo. Palinso china, ndipo ichi makolo ambiri anachiona. Ana salankhula zakukhosi mukawakhazika pampando n'kuwafunsa kuti vuto n'chiyani. Amalankhula mukuyenda nawo, maso ali kutsogolo, m'manja muli nzimbe. Ndi panjira yochokera kumsika pomwe mwana amafunsa mwadzidzidzi kuti, kodi adadi amagona pati kumeneko? Kodi akawomberedwa amamva kuwawa? Mafunso amenewa anali mumtima mwake kwa milungu yambiri. Pabalaza pomwe aliyense ali ndwii sakanatuluka. Ndiye kuyenda ndi mwana n'kumupatsa mpata wofunsa, ndipo inu mumapeza mpata wochotsa bodza limene anamva kwa anzake kusukulu.

Ndikumva wina akuti, a pawailesi inu, mukukamba za anthu a ndalama. Ufa wakwera, mafuta a galimoto akusowa, minibasi yakweza mtengo, ndiye tikatenge kuti ya ulendo wokasangalala? Funso limeneli ndi loona, ndipo ndiliyankha mosazungulira. Ndikamati kuyenda ndi ana sindikunena hotela. Sindikunena kubwereka galimoto. Ndikunena kutuluka pakhomo ndi cholinga choti mwana aone chinthu, inu muli pambali pake. Amene muli ku Zomba, phiri lili pamwamba panu, ndipo damu la Mulunguzi silinasamuke. Amene muli ku Salima, mchenga wa ku Senga Bay uli pafupi, ndipo kuona asodzi akukoka khoka salipiritsa. A ku Blantyre, ndi angati mwa inu amene munalowapo ndi ana m'nyumba yosungiramo zakale ya pa Chichiri, pomwe panja pake pali mitu ya sitima zakale? A ku Karonga muli ndi mafupa a chinyama chija cha Malawisaurus, chimene alendo amachokera kutali kudzachiona. Ndipo amene muli kumudzi, musadzione ngati otsalira. Tsiku la msika ndi ulendo. Kudimba ndi ulendo. Kukaona malipenga kapena gule kumudzi woyandikana nawo ndi ulendo. Mbatata yophika m'kambale, madzi m'botolo, chitenje choyala pansi, basi zakwana. Mwana sawerengera kuti mwawononga zingati. Amakumbukira kuti tinapita, ndipo anandinyamula paphewa kuti ndione bwino. Tinene zoona pano: mabanja ena amene amati alibe ya ulendo amagula mayunitsi tsiku ndi tsiku kuti aziona zithunzi zomwe zija zimene zikuwasowetsa tulo.

Wina akuti, zoyenda ndi ana n'zachizungu, ife tinakula tikusewera tokha. Apa ndidutsapo msanga, chifukwa amene akunena zimenezi waiwala ubwana wake. Anakuphunzitsani kutchera mbewa ndani? Munadziwa bwanji njira ya kwa agogo, mayina a mitengo, malo owolokera mtsinje? Munkatsatira akuluakulu kuchigayo, kuukwati, kutchire kokadula mitengo ya denga. Kunali kuyenda ndi ana kumeneko, kungoti kunalibe dzina. Chimene chasintha n'chakuti mwana wa m'tauni, wokhala mumpanda wa njerwa kapena m'nyumba za mukampu, maulendo amenewo sabwera okha. Tiyenera kuwakonza dala.

Tsopano tifike pa chopinga chachikulu, chimene anthu sachitchula poyera. Ndi pakamwa pa anthu. Mkazi wa msilikali akavala bwino Lamlungu masana, n'kutenga ana ake kupita nawo kunyanja kapena kukadya tchipisi pachiwaya, mawa lake nkhani yafika kale pamjigo. Mwamuuona? Mwamuna wake ali kunkhondo, iye ali pamsewu. Ndalama za mwini wake akumwaza. Ndipo nkhani zotere sizithera pamjigo masiku ano. Wina amajambula chithunzi, n'kutumiza kwa apongozi, kapena kwa mwamuna yemweyo ku Congo, ndi mawu awiri okha oti "taonani izi". Mabanja atha chifukwa cha zimenezi. Ndiye mayi wanzeru amawerengera, n'kuona kuti kuli bwino kungokhala m'nyumba. Amadzitsekera, ndipo ana amatsekeredwa naye limodzi. Taonani chinthu chodabwitsa apa, omvera. Anthu omwe aja amene amati akuteteza ulemu wa msilikali ndi amene akulanga ana ake. Kodi mayi amene ali ndi ana atatu m'manja, wina kumbuyo, wina akulirira chimanga chootcha, ndi amene mukumukayikira? Amene akufuna kuchita zobisika satenga mboni zitatu zolongolola. Koma sindikufuna kungodzudzula amiseche, chifukwa miseche siitha ndi kudzudzula. Imatha achibale akaonekera. Apongozi aakazi akakwera nawo minibasi yomweyo, wamiseche anena chiyani? Mlamu wake wamkazi akabwera ndi ana ake n'kupitira limodzi, chithunzi chija chikatumizidwa kwa ndani? Apa ndi pomwe ndikulankhula ndi inu makolo a msilikali. Mwana wanu ali kutali, inde. Koma magazi ake ali pomwepa, akuthamanga pabwalo. Kuwasunga adzukulu si kuwagulira sopo kokha. Ndi kuwatenga pamkono n'kupita nawo kwinakwake. Ndipo inu atsibweni, inu abambo aang'ono, pa mwambo wathu ana awa ndi anu. Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Nanga wa mbale wako weniweni? Udindo woyenda ndi ana ndi wa mtundu wonse, osati mayi wawo yekha.

Pali nkhawa ina yozama kuposa miseche, ndipo iyi ndiilemekeza. Mayi wina angati: bwanji uthenga woipa utandipeza ndili kunyanja, ndikuseka? Ndingadzadzikhululukire? Anthu ambiri amakhala m'nyumba chifukwa cha funso limeneli, ngakhale salitchula. Mumtima amaona ngati kusangalala n'kumutaya mwana wawo, ndipo kudandaula n'kumulondera. Koma tiyeni tiganize bwinobwino. Kodi kukhala kwanu m'nyumba kumabweza chipolopolo? Kodi mwana wanu amakhala wotetezeka kwambiri Loweruka limene adzukulu alira kuposa Loweruka limene aseka? Mukudziwa yankho. Pemphero lipempherereni, ndipo palibe amene akukuletsani. Koma pemphero silifuna kuti ana akhale akaidi. Ndipo tiyerekeze kuti zoopsazo zachitikadi, Mulungu aletse. Mwana amene kwa chaka chonse wakhala akuyenda ndi agogo ake, ndi atsibweni ake, ndi azakhali ake, ali ndi manja ambiri omugwira pa tsiku limenelo. Amawadziwa, anazolowerana nawo, anadyapo nawo chinangwa panjira. Koma mwana amene anangotsekeredwa ndi mayi ake, tsiku limenelo adzaona alendo okhaokha atadzaza pabwalo. Ubale umene udzafunike pa tsiku loipa umamangidwa pa masiku wamba.

Nanga mwini wake, msilikaliyo, akufuna chiyani? Tisamuyankhire mopupuluma, koma tiganize. Munthu ali pa ulonda usiku, mvula ya ku Kivu ikugwa, ndipo wapeza mphindi zochepa zoimba foni. Kodi akufuna kumva chiyani? Ngati nthawi zonse akumva kulira, madandaulo ndi milandu ya pakati pa mkazi wake ndi amayi ake, amabwerera pa ulonda mutu uli kumudzi. Msilikali amene mutu wake uli kumudzi ali pangozi, iye ndi anzake omwe. Koma tayerekezani mwana akulanda foni n'kunena kuti, adadi, tinapita kumpira, Red Lions inagoletsa, ndipo agogo anavina! Bambo ameneyo wapatsidwa chakudya cha sabata yathunthu. Palinso phindu lina. Mwana amene sapita kulikonse alibe choti auze bambo ake. Muli bwanji? Ndili bwino. Kusukulu? Bwino. Foni imathera pomwepo, ndipo mwezi ndi mwezi awiriwa amatalikirana. Ulendo umam'patsa mwana nkhani, ndipo nkhani ndi imene imasunga ubale wa anthu otalikirana.

Apa ndiyenera kukhudza za ndalama, chifukwa ndi pomwe mabanja ambiri amagundana. Tonse tikudziwa kuti ulendo wa kunja umabwera ndi alawansi, ndipo asilikali ambiri amauona ngati mwayi wogula puloti, kumanga nyumba ya malata, kapena kuyambitsa kabizinesi. N'zabwino, ndipo palibe wolakwa pamenepo. Vuto limabwera ndalama iliyonse ikawerengedwa ngati njerwa. Mkazi akatengako pang'ono kupita ndi ana kwa agogo, akuti wadya thumba la simenti. Achibale nawo ali ndi mndandanda wawo: feteleza, fizi, ngongole ya banki mkhonde. Pamndandanda wonsewo ana a mwini ndalama amakhala kumapeto, chifukwa iwo sadziwa kuimba foni n'kudandaula. Nkhanga zinapangana kusanapse. Nthawi yokonza zimenezi ndi mwana asananyamuke. Akhale pansi iye, mkazi wake ndi makolo, ngati n'kotheka ankhoswe ali pomwepo, ndipo anene ndi pakamwa pake: kandalama aka mwezi uliwonse ndi ka ana anga, aziyendera. Anenenso kuti mkazi wanga akatuluka ndi ana wachita zimene ndamutuma. Mawu amenewo, onenedwa pamaso pa onse, amatseka pakamwa pambiri. Ndipo anyamata amene mukukonzekera ulendo, mverani izi. Nyumba mudzaimanga, ikachedwa ndi miyezi iwiri siigwa. Koma mwana amene mwamusiya ali ndi zaka zinayi simudzam'pezanso ali ndi zaka zinayi.

Mwina mukufunsa kuti, poyendapo, za ntchito ya bambo awo tiziwauza chiyani? Auzeni zoona zolingana ndi msinkhu wawo. Musawalonjeze kuti palibe choopsa chilichonse, chifukwa adzamva kwina ndipo sadzakukhulupiriraninso. Auzeni kuti ntchitoyo ndi yovuta, kuti bambo awo anaiphunzira bwino, kuti sali okha, ndiponso kuti anapita kukateteza mabanja ena amene ali ndi ana ngati iwo. Ana okulirapo mukhoza kupita nawo pa chipilala cha chikumbutso cha asilikali ku Zomba, kapena chija cha ku Lilongwe, masiku wamba, osadikira mwambo wa mu November. Kumeneko adzaona kuti bambo awo ali mumzere wautali wa anthu a dziko lino. Mukhoza kuwauzanso za Private Chancy Chitete. Pa nkhondo ija ya kufupi ndi Beni mu 2018, iye anaona msilikali mnzake wa ku Tanzania atavulala, zipolopolo zikuuluka. Anabwerera kukam'koka n'kumufikitsa pobisala, ndipo pamene ankam'thandiza iye mwini anawomberedwa n'kumwalira. Mnzakeyo anapulumuka. Mu May 2019, ku New York, mlembi wamkulu wa United Nations António Guterres anapereka kwa banja lake mendulo ya Captain Mbaye Diagne, ulemu wapamwamba kwambiri umene bungweli limapereka kwa osungitsa mtendere olimba mtima. Koma apa ndichenjeze. Nkhani imeneyi ndi ya mwana wa sekondale, amene angathe kunyamula kunyada ndi mantha nthawi imodzi. Kamwana ka zaka zisanu musakauze nkhani imene msilikali wake sabwerera. Kameneko kapatseni mapu, kaonetseni pomwe pali Malawi ndi pomwe pali Congo, kaone kuti ngakhale chala chake chikhoza kufika.

Ndisanatseke, mawu awiri kwa amene ali ndi mphamvu zoposa za banja limodzi. Mipingo yathu imapempherera asilikali, ndipo ikuchita bwino. Koma amayi a Mvano, a Dorika, a m'miphakati, mukamakonza ulendo wa ana a Sande sukulu, kodi mumayamba mwafunsa kuti ndi ana ati amene bambo awo ali kunja, kuti asatsale chifukwa chosowa wowaperekeza? Akuluakulu a asilikali nawonso ali ndi zida m'manja. Ali ndi matimu a mpira amene dziko lonse limawadziwa: Kamuzu Barracks, Moyale, Red Lions, MAFCO. Ali ndi magalimoto, ali ndi mabwalo, ali ndi bandi imene ana amaithamangira ikangoyamba kuimba. Kusonkhanitsa ana a asilikali amene ali kunja kamodzi pa mwezi, n'kupita nawo kumasewero kapena kunyanja, sikungagwetse bajeti ya dziko. Komanso tisaiwale kuti mabanja ambiri a asilikali sakhala mukampu. Ali m'midzi ya ku Ntcheu, ku Rumphi, ku Nsanje, komwe kulibe mkazi wa msilikali mnzawo woti n'kudandaulirana naye. Amenewo ndi amene amafunika kwambiri mfumu, mphunzitsi ndi mnansi wa maso.

Ndipo tsiku lobwera likafika, musadabwe ngati kamwana kakang'ono kabisala kumbuyo kwa chitenje cha mayi ake. Musakakalipire, ndipo bambo asakhumudwe. Munthu wochokera kumalo a nkhondo nayenso amafuna nthawi. Ena phokoso limawadzidzimutsa, ena khamu la anthu limawatopetsa, ena tulo timawavuta. Choncho ulendo woyamba usakhale wa pamsika wodzaza kapena pabwalo la mpira. Ukhale waufupi, wa malo odekha, ndipo ana ndi amene atsogolere, akaonetse bambo awo malo amene anapitako iwo kulibe. Ngati kusowa tulo ndi kupsa mtima kukupitirira milungu yambiri, imeneyo ndi nkhani ya kuchipatala, ndipo achibale amuperekeze osachita manyazi.